Mabotolo a Mayi Mwalwanda

Mayi Ipyana Mwalwanda sanali munthu wokhazikika. Ankaphunzitsa bayoloje pasekondale ina yoyendera ku Mlare, ndipo anzawo akamamwa tiyi pabuleki, iwo ankakhala kukalasi, akusuzumira mabotolo a madzi obiriwira omwe anandandalika pawindo.

M'madzimo munali paramesiyamu, tizamoyo ta selo imodzi tosaoneka ndi maso. Chaka ndi chaka ankauza ophunzira kuti kachamoyo aka kali ndi manyukiliyasi awiri, yaikulu yoyendetsa moyo wa tsiku ndi tsiku, yaing'ono yosunga mbewu. Tiwiri tikagwirana n'kupatsana mbewu, yaikulu ija imaphwasuka, yatsopano n'kuchokera ku yaing'ono. Komanso sitigwirana chisawawa. Tili m'magulu awiri ofanana ndendende, ndipo ka gulu ili kamangogwirana ndi ka gulu linalo.

"Madamu, inuyo munationapo tikugwirana?" anafunsa wophunzira wina, Pilirani.

Anali asanationepo. Zonsezo anangowerenga, ndipo funsolo linawasowetsa mtendere.

Loweruka lililonse anayamba kukwera kabaza kukatunga madzi m'zithaphwi ndi m'minda ya mpunga, mpaka ku Vinthukutu. Ankasakaniza madzi a uku ndi a uko, n'kumadyetsa tizamoyoto madzi owiritsira udzu wouma. Tinkanenepa, n'kumangogawikana pakati kuti tichuluke. Togwirana ayi.

"Mayi a Lettie, kodi mabotolo onse m'nyumba muno apita kusukulu?" anadandaula amuna awo, a Lyson. "Ndiye uchi tiziika m'chiyani?"

"Pirirani pang'ono, bambo. Mwina tizamoyo tonseti ndi ta gulu limodzi. Ndiyesa madzi a kwathu."

Kwawo kunali ku Songwe, ndipo anapitadi, koma osati monga ankaganizira. Alongo awo aakulu, omwe anawalera ndi kuwaphunzitsa, anamwalira mwadzidzidzi. Mayi Mwalwanda anakhalitsa pamaliropo, ndipo za mabotolo sanaziganizeko n'komwe.

Atabwerera anapeza madzi aja atayera, chakudya chitatheratu. Anaganiza kuti zonse zafa. Asanataye, anadonthetsa kadontho pagalasi, n'kutembenuzira kalilole wa maikulosikopu kudzuwa. Kenako anasuzumiramo. Tizamoyo tija tinali tiwiritiwiri, titamatana m'mbali, tikuzungulira pang'onopang'ono. Chomwe chinkasowa miyezi yonseyo chinali njala. Iwo ankatidyetsa mopitirira.

"Pilirani! Itana anzako onse, thamangani!"

Ophunzira anaima pamzere wofika pakhonde, akukankhana. Mayi Mwalwanda anakhala pa desiki, ali chikhalire ndi mpango wa pamaliro, misozi ikutsika. Ana ankayesa ndi chisangalalo chokha.

Mtendere sunakhalitse. Madzulo a tsiku lomwelo anali kale ndi funso lina: nanga tobadwa pambuyo pa kugwiranaku timatenga gulu liti? Anali atawerengapo kuti mwa mitundu ina ana amatsata kholo lomwe thupi lake anatenga, mwa ina zimangochitika mwamwayi. Nanga ta ku Mlare?

Anayamba kupatula tiwiritiwiri ndi kachubu kopyapyala, banja lililonse m'chivindikiro chakechake. Kutentha kwa Okutobala kunaumitsa zivindikiro zonse. Anayesa kuziika pansi pa mtsuko wonyowa, nyerere zinalowa. Pano a Lyson akuwakhomera kabokosi ka matabwa kokutira ndi chiguduli chonyowa, kosungiramo zivindikirozo, ndipo Mayi Mwalwanda akudikira mvula kuti zithaphwi zidzaze.