Mano a makina a mlongo wanga

Lachiwiri lapitali ndinajomba kusukulu. Ndaulula pano kuti ahedi adziwerengere okha, ndisavutike kuwafotokozera pakamwa. Ana anga a Sitandade 3 ndinawasiya pansi pa mkuyu m'manja mwa mphunzitsi mnzanga amene ali kale ndi chikhamu chake. Ine ndinali pamsewu wopita ku boma la Ntchisi, ndikukankha njinga m'matope, mutu wa makina osokera utamangidwa ndi malegeni pakaliyala.

Makinawo ndi a mlongo wanga Esinati. Kunena zoona ndi a gulu la amayi, iye amangowasunga.

Esinati anabwerera kumudzi mwamuna wake atamwalira ku esiteti ya fodya kumene ankagwira utenanti. Anafika ndi ana atatu, mphasa ndi ndowa. Minda inali itagawidwa kale, choncho anapatsidwa kachigawo ka pamtsetse pamene chimanga chimalekezera m'chiuno. Ndiye pamene bungwe lina linabweretsa makina asanu kwa amayi a dera lathu chaka chatha, iye n'kukhala mmodzi mwa olandira, tonse tinapumira m'mwamba.

Mwambo wa tsikulo mukuudziwa, chifukwa kwanunso unachitika. Galimoto zoyera, aphungu, magule, zithunzi. Kenako maphunziro a masiku awiri: kulowetsa ulusi, kudula siketi papepala, kusoka mzere wowongoka. Lamulo lalikulu linali lakuti amene makina amukanika awabweze.

Mwezi uno Esinati anapeza ntchito yake yoyamba yooneka. Amayi a kwaya ya patchalitchi chathu anasonkherana, n'kugula nsalu yoyera kuti awasokere mabulawuzi khumi ndi awiri a pa Pasaka. Atamaliza anayi, makina anasiya kukoka nsalu. Singano inkakwera ndi kutsika ndithu, koma pamalo amodzimodzi, ulusi n'kumangounjikana kunsi. Anayesa kukoka nsaluyo ndi dzanja. Anathyola singano ziwiri, n'kung'ambanso mkono wa bulawuzi yachisanu. Anathira mafuta ophikira paliponse pamene anaona bowo. Makina anayenda pang'ono, kenako analemera kuposa kale. Oyandikana naye anayamba kunong'ona kuti pali wina amene sanakondwe ndi mwayi wake.

Esinati anabwera kwathu Lolemba masana. Sanalire. Anakhala pakhonde, n'kumangopinda ndi kutambasula mkono wong'ambika uja.

"Achimwene, nsaluyi ndi ya eni ake," anatero. "Ndikawauza chiyani?"

Ine za makina sindidziwa kanthu. Chimene ndinali nacho ndi njinga.

Amene munayendapo msewu umenewu nthawi ya mvula simufuna kuti ndikufotokozereni. Pokwera mumakankha, potsika mumagwira mabuleki ndi mtima womwe, ndipo pamtsinje mumavula nsapato. Esinati ankabwera pambuyo atagwirira katunduyo kuti angagwe. Tinanyamuka kutangocha, tinafika dzuwa lili pamutu.

Ku boma tinalunjika kwa a Kamphinda, telala wachikulire amene wakhala pakhonde la sitolo imodzimodzi kuyambira ine ndili mwana. Yunifolomu yanga yoyamba anasoka ndi iwowo. Tinawapeza akufupikitsa thalauzi la pakaunjika, magalasi ali pansonga ya mphuno. Kumbuyo kwawo, pachingwe pamene kale pankalendewera mayunifolomu ndi masuti a ukwati, panali malaya awiri okha odikira zigamba.

Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. Pamene Esinati anatchula mafuta ophikira, anangotseka maso pang'ono. Kenako anaika mutu wa makinawo patebulo, n'kupukusa gudumu pang'onopang'ono, chala chili pansi pa kaphazi kamene kamapondereza nsalu. Anafunsa kuti kambale ka pansi pa singano anakatsegula liti komaliza. Esinati anayankha kuti sankadziwa kuti kamatseguka.

A Kamphinda anachotsa singano ndi kaphazi, n'kumasula timasikuluwu tiwiri. Kambale katachoka, anatiitana kuti tisuzumire.

Pansi pa kambale kaja pali timizere ta mano achitsulo. Ndi amene amaluma nsalu kunsi n'kuikankhira kutsogolo pang'ono nthawi iliyonse singano ikakwera. Mano a makina a Esinati sankaoneka n'komwe. Ubweya wa nsalu, tizidutswa ta ulusi ndi fumbi zinali zitadzaza m'mipata yonse, ndipo mafuta ophikira aja anali atazimata pamodzi n'kukhala chinthu cholimba ngati chikopa. Manowo ankalephera kukwera, ndiye akanaluma bwanji nsalu?

A Kamphinda anatulutsa mswachi wakale m'kabati, phini ndi kabotolo ka palafini. Anatokosa mpata umodziumodzi mosafulumira. Zinyalala zimene zinatuluka mmenemo zikanadzaza bokosi la machesi. Anatsuka ndi palafini, kupukuta, n'kudontheza mafuta enieni a makina, dontho limodzi pamalo pamene chitsulo chikhudzana ndi chinzake. Anapezanso kuti kasikuluwu kogwira mano kanali katakhwepa, n'kukamanga. Anatisonyeza kuti mano akakwera ayenera kutulukira pamwamba pa kambale pang'ono chabe, ngati kukhuthala kwa chikhadabo. Akatsika kuposa apo sakoka, akakwera kwambiri amakwinya nsalu.

Anaika kansalu n'kupukusa. Kansaluko kanayenda kokha, mzere uli wowongoka bwino.

Ntchito yonseyo sinakwane ndi ola lomwe. Ine ndinayang'ana matope a m'miyendo mwanga, ndipo m'malo mosangalala ndinangomva kutopa.

Koma a Kamphinda sanatilole kunyamuka. Anamasulanso kambale kaja, n'kupatsa Esinati sikuludalaiva kuti abwezeretse yekha. Anamubwerezetsa katatu. Anamuuza kuti azitsegula Loweruka lililonse, ndipo ngati wasoka nsalu yothothoka ubweya asadikire Loweruka. Asamapukuse makina opanda nsalu kaphazi kali pansi, chifukwa chitsulo chikamakhuzana ndi mano amabuntha. Asamakoke nsalu, azingoiwongolera. Akamaliza ntchito azisiya kansalu pansi pa kaphazi n'kuphimba makina onse. Mswachi uja anamupatsa kuti ukhale wake.

Ndinawafunsa ngati a bungwe lija anawapezapo pamene ankaphunzitsa amayi. Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Aphunzitsi, galimoto zawo zinkaima apa pomwe kugula zakumwa," anatero. "Ophunzitsa anachokera nawo ku Lilongwe. Ine ndinkangowaona."

Tsopano ndikufunseni, owerenga anzanga. Ndi zinthu zingati m'mapiri muno zimene zinafa imfa ya mtundu umenewu? Mjigo wa pafupi ndi sukulu yathu unaima chifukwa cha kalabala kamodzi. Chigayo cha kalabu ya achikumbe chinagona chifukwa panalibe amene anauzidwa kuti oyilo amasinthidwa. Chiyambire zipani zambiri, alendo obweretsa zinthu achuluka, ndipo sindikunyoza, zinthuzo timazifunadi. Koma tsiku lopereka lili ndi ng'oma ndi wojambula. Tsiku lotsuka lilibe. Ndani anavinirapo munthu amene akutokosa fumbi ndi phini?

Ndipo mlandu si wa alendo okha. Ifenso chinthu chikaima timathamangira kunena kuti anatipatsa chakutha, kapena kuti wina wachilodza. Kugwada n'kuyang'ana kunsi kwake ndiye ayi.

Lachinayi nditaweruka ndinapita kwa amayi Nabanda, wapampando wa gulu lija. Ndinkafuna kudziwa za makina ena anayi. Ananditengera kukachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa tchalitchi. Onse anayi anali mmenemo, pansi, ataphimbidwa ndi matumba a feteleza, pafupi ndi pamene denga limadontha. Eni ake anawabweza mmodzimmodzi. Ndinafunsa chimene chinavuta. Awiri akuti anasiya kukoka nsalu. Amodzi ankadula ulusi. Enawo palibe amene akukumbukira.

Ndinawafotokozera za a Kamphinda, za mswachi ndi timasikuluwu tiwiri. Ndinati ndikhoza kumanyamula amodziamodzi Loweruka, kapena Esinati atsegule pomwepo ayese mwayi.

Amayi Nabanda si munthu wouma mtima. Ndi iwo amene anaumirira kuti dzina la mlongo wanga lilembedwe pamene ena ankati ndi wobwera kumene. Koma apa anagwira chitseko n'kupukusa mutu. Anati patsiku lopereka anauzidwa pamaso pa anthu kuti makina akavuta asawagwiregwire, alembe kalata ku ofesi ndipo kudzabwera wokonza. Kalata analemba kawiri. Yachiwiri anakapereka okha, n'kupeza kuti ofesiyo inasamuka, m'nyumbamo mukugulitsidwa mbewu.

"Nanga akadzabwera n'kupeza tatsegula?" anandifunsa. "Dzina limene lili papepala ndi langa."

Mantha amenewa ndimawadziwa, inenso ndinakula nawo. Zaka zonse zija za chipani chimodzi tinaphunzira kuti chinthu chochokera kumwamba sufunsa, sugwira, umangothokoza. Tinaponya voti, tikuyankhula zimene tikufuna m'mabasi ndi m'nyuzipepala muno, koma manja athu sanamve kuti zinthu zinasintha. Amayi anayi akhala miyezi yambiri opanda chogwira, makina awo akuchita dzimbiri mtunda wosakwana kuponya mwala kuchokera pamene amapemphera, ndipo aliyense akuona kuti wasunga lamulo.

Tinakambirana mpaka ndinatopa. Pomaliza anati nkhaniyo akaitula pamsonkhano wa gulu ukatha mwezi, anthu akamaliza kusankha fodya. Ndinavomera. Ndikanatani?

Esinati wamaliza mabulawuzi khumi ndi limodzi. Yong'ambika ija nsalu yake sinakwane, ndipo mayi mmodzi wa kwaya adzaimba atavala bulawuzi yakale. Esinati anapita yekha kukapepesa. Mayiyo anadandaula, koma ena anati msoko ndi wabwino, ndipo wina wamubweretsera kale diresi la mwana. Dzulo ndinamupeza atatsegula kambale kaja ndi nsonga ya mpeni, akutsuka mano a makina ngakhale kuti sanade.

Chimene sindinamuuze ndi chimene a Kamphinda anandiuza pamene ndinkamanga katundu panjinga. Maso awo akuchita khungu, ndipo kuyambira pamene ana analoledwa kupita kusukulu opanda yunifolomu, kaunjika n'kudzaza msika, ntchito yatsala ya zigamba basi. Mwana wawo wa ku Kasungu wakhala akuwaitana. Akuti akangokolola chimanga chawo, atseka makina n'kupita. Pa anthu onse amene iwo anawaphunzitsa utelala, palibe amene anatsala pantchitoyi. Wina akugulitsa kaunjika yemweyo.

Msonkhano wa amayi uli kumapeto kwa mwezi, ngati fodya alola. Chimanga cha a Kamphinda chayamba kale kuuma. Amayi aja akadzagwirizana zotsegula chitseko, tidzanyamula makina anayiwo kupita nawo kwa yani?