Mpendero Wofiira ndi Bakha wa Amayi

Dzulo magetsi atazima ndinabwereka simbi yamakala, ndipo fungo la nsalu yotentha linandibwezera kwathu kumapiri a Ntchisi.

Masiku amenewo diresi yoonetsa mawondo inali mlandu. Ine ndinatalika msanga ngati chimanga cha pachulu, yunifolomu n'kutsalira m'mwamba. Aphunzitsi anandibweza: "Usabwerenso mawondo ali pamtunda." Amayi anang'amba chitenje chawo chakale cha maluwa ofiira, n'kulumikiza kumunsi kwa yunifolomu yabuluu ija, n'kuisita bwinobwino.

Kusukulu anzanga anafa nalo phwete. "Taonani, wavala katani!" Ndinabwerera ndikulira, ndikulumbira kuti sukulu ndasiya.

Amayi anali pafupi ndi nkhokwe, akutonola chimanga. Sanandinyengerere. Anangondipatsa chikho cha madzi, n'kuloza bakha wathu wamphongo, yemwe mudzi wonse unkamunena kuti ndi wauve.

"Kam'thire pamsana."

Ndinam'thira. Madzi anagubuduzika ngati mikanda n'kugwera m'fumbi.

"Wanyowa?"

Ndinagwira nthenga zake. "Ayi, Amayi."

"Thiranso, uku ukumuuza zonse zimene akunyoza nazo."

Ndinathiranso, ndikukuwa: "Katani! Miyendo ngati nsungwi!" Bakha anandiyang'ana ndi diso limodzi, kenaka anadzikutumula, madzi n'kuwazikira Amayi ndi chimanga chawo.

"Chitsiru cha bakha iwe!" anakalipa Amayi, akupukuta kumaso.

Bakha anangogwedeza mchira n'kumapita pang'onopang'ono ngati bwana. Ine misozi ikadali m'masaya, ndinaseka mpaka kukhala pansi, mpendero wofiira uja uli m'fumbi.