Kreti Yosatha

Mphunzitsiyu adaphunzitsa kulemba mapulogalamu a pakompyuta zaka khumi ndi zisanu, ndipo ntchito ankaidziwa zedi. Vuto lidali pakhosi. Mowa udamudyera ntchito, udamuthawitsira mkazi, kenako udamutula kwa mlongo wake, m'kachipinda kosungiramo makatoni ndi njinga yakufa. Mlongoyo sadazungulire mawu: “Achimwene, ndikadzangomva fungo lokha, mudzanyamuke.” Kuchokera tsiku limenelo padapita miyezi isanu ndi iwiri osalawa ngakhale dontho.

Kenako kasukulu kena ka makompyuta, pamwamba pa shopu ya matayala, kadamuitana kukayesedwa ntchito. Mayi wamkulu wa sukuluyo adamutumizira zoti akonzekere. Onse ofunsira ntchito ankapatsidwa chinthu chimodzi: alembe pulogalamu yoimba kanyimbo ka zidakwa kowerenga mabotolo chotsitsa, poonetsa ophunzira momwe zinthu za m'pulogalamu zimaumbidwira. M'kreti muli mabotolo makumi awiri, tulutsa limodzi upapire, atsala khumi ndi asanu ndi anayi, choncho mpaka kreti igwedere. Ndime yomaliza imati itanitsa kreti ina.

Atawerenga adaseka, koma kuseka kwa munthu woti waponda msomali. Mwa nyimbo zonse za padziko, ampatse imeneyi!

Adabwereka laputopu ya mlamu wake, yothyoka pachivundikiro, n'kuyamba. Ntchitoyo idali yokongola, tisaname. Adalemba chikombole chimodzi chotchedwa Botolo, ngati choumbira njerwa, choti mabotolo onse azitulukamo, lililonse likudziwa nambala yake ndi ndime yake. Adalemba china chotchedwa Kreti, chosunga mabotolo n'kumawatulutsa limodzilimodzi. Poyesa ankadina batani kamodzi, ndime imodzi n'kutuluka. Koma akafika pa mabotolo atatu, kukhosi kunkauma ndi ludzu la mowa. Ankatseka laputopu n'kukatsuka mbale zotsuka kale. Sabata yonse sadafikepo kumapeto, pomwe iyeyo ndi amene ankakalipira ophunzira kuti pulogalamu imathyokera kumapeto.

Kukanidwa ntchito sankakuopa kwenikweni. Ankaopa chimene akachite akakanidwa, pakuti njira yopita pokwerera basi inkadutsa pakhomo pa bala.

Tsikulo adavala jekete la mlamu, lalitali manja. M'chipindamo mudali makompyuta asanu ndi atatu, fani yolira ndi mayi uja atakhala kumbuyo ndi kope. Adafotokoza bwino za chikombole, mpaka mayiyo adagwedeza mutu. Adadina batani kasanu, ndime zisanu zidatuluka zoyera.

“Zamveka, aphunzitsi,” adatero mayiyo. “Nthawi yatha. Ingoisiyani iyende yokha mpaka kumapeto.”

Adaisiya. Mabotolo adatsika, atatu, awiri, limodzi, ziro. Siidaime. Idapitirira kumwa mabotolo omwe kulibe, kuchotsera limodzi, kuchotsera zana, kuchotsera chikwi, mizere ikuthamanga pasikirini osaonekanso bwino. Adamva manyazi otentha mpaka m'makutu.

“Bwanji sikuima?” adafunsa mayiyo.

“Sindidaiuze poimira, mayi.”

“Simudaiyese mpaka kumapeto?”

“Ayi. Sindinkafikako.”

Adapempha mphindi ziwiri. Adalemba chikombole chachitatu, cha kreti yopanda kanthu, chotengera zonse kwa Kreti koma chokhala ndi ndime yakeyake. Adayendetsanso. Nyimbo idatsika bwinobwino n'kuima pa ziro, ndipo pasikirini padalembedwa kuti: Atha, tiyeni kunyumba.

Mayiyo adayang'ana papepala lake. “Koma ndime yomaliza si imeneyo. Imati itanitsa kreti ina, nyimbo n'kuyambiranso. Onse alemba choncho.”

“Ndikudziwa, mayi. Ndi mzere umodzi wokha. Koma ine sindilemba.”

Mayiyo adatseka kope. “Chabwino. Tikuimbirani foni.” Mawu amenewo adali atawamvapo kanayi chaka chimenecho, ndipo foniyo siidalirepo.

Adatsika masitepe dzuwa lili pamutu. Adadutsa mulu wa matayala, adadutsa wosoka nsapato, n'kufika moyang'anizana ndi bala. Chitseko chidali chotsegula, wina akutsitsa makreti m'galimoto, mabotolo akulira ngwengwengwe. Miyendo idakana kupita kutsogolo, idakananso kubwerera. Adakhala pansi m'mphepete mwa ngalande, jekete la eni ake likukwekwa fumbi, laputopu ataikumbatira pachifuwa. Munthu wa zaka makumi asanu, misozi ili chuchuchu, anthu akumulambalala.

Adatulutsa foni n'kuimbira mlongo wake kuntchito.

“Zayenda bwanji, achimwene?”

“Sizidayende, achemwali. Ndili apa pabala.”

“Mwalowa?”

“Sindidalowe. Koma chonde bwerani mudzanditenge. Ndekha pano sindidutsa.”