Njati ya ku Makeni

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza nditanyamula bokosi la masipanala la amalume. Ndinali nditangofika kumene ku Lusaka kuchokera kwathu ku Katete, ndipo ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo ku Kabwata. Amalumewo, a Sakala, anali makaniko. Kuyendetsa ndinaphunzirira pa thirakitala ya ku mishoni, laisensi anandithandiza kutenga ndi iwo, koma mumzinda munalibe munthu wofuna kupereka galimoto yake kwa mnyamata amene sankatha kuyang'ana wamkulu m'maso.

Tsiku lina m'mawa kunabwera bambo wovala suti, ba Mulenga, ochokera ku Luapula, amene ankagwira ntchito ya maakaunti mu ofesi ina pa Cairo Road. Anapempha amalume kuti akawasankhire galimoto pa okishoni ya magalimoto akale a boma. Yopitira ku ntchito anali nayo kale, kakang'ono koyera. Imene ankafuna inali ya m'tchire, yokoka ndi matayala onse anayi.

Chifukwa chake anachinena tili m'njira, maso ali pa msewu. Ankakhala pa puloti ku Makeni, kutsidya kwa dambo. Dzinja lina akazi awo matenda atayamba, kagalimoto koyera kaja kanatitimira m'matope, mwana anabadwira m'njira ndipo sanalire. Tsopano mayiwo anali oyembekezeranso, mwezi wawo unali Febuluwale, mvula ili pakati. Amalume anangotsokomola.

Pa okishoni amalume anazidutsa zonse zonyezimira. Anandipatsa hamala nkundiuza kuti ndizikwawira pansi pa iliyonse ndi kugogoda tchesisi, chitsulo chachikulu chimene chimanyamula thupi lonse la galimoto. Chikalira ngati belu, chili moyo. Chikalira ngati chitini, dzimbiri ladya mkati. Iwo ankatsegula kabawuti ka difu, kabokosi ka magiya ka pakati pa matayala, ndi kupisamo chala, chifukwa oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti munalowa madzi. Pomaliza anaima pa ina yobiriwira, chitseko chopindika, tenti yong'ambika, mipando yotuluka thonje.

"Iyi?" anafunsa ba Mulenga. "Ioneka monga yagwa mu mugodi."

"Nkhope siikoka matope, bwana," anatero amalume. "Pansi ni yatsopano."

Ba Mulenga anaigula. Kenako anafunsa kuti aziisamala ndani, popeza iwo masana onse amakhala mtauni. Amalume anandiloza ndi sipanala. "Uyu, mwana wa mlongo wanga. Samwa, sakamba-kamba." Ine ndinali kuyang'ana nsapato zanga. Sabata lomwelo ndinasamukira ku Makeni, m'chipinda choyandikana ndi khola la nkhuku.

Ntchito inali imodzi: galimotoyo ikhale yokonzeka nthawi iliyonse. Zinali zaka zimene malire a kumwera anatsekedwa, zitsulo zamagalimoto zikusowa, choncho chinthu chikathyoka unkatha mwezi ukuchisaka. M'mawa uliwonse ndinkaona oyilo, madzi a mu rediyeta, madzi a batire ndi mpweya wa matayala, kenako nkuiliza mpaka injini itatentha. Kamodzi pa sabata ndinkaiyendetsa mpaka ku msewu wa tala ndi kubwerera, ndikulowetsa ndodo yachikasu imene imagwiritsa ntchito matayala akutsogolo, ndi yofiira ya magiya amphamvu, kuti zisaume. Petulo wa m'zigubu ndinkamuthira m'thanki ndi kukagula wina, chifukwa petulo akakhalitsa amafooka. Kumbuyo kunkakhala fosholo, chikwanje, chingwe chawaya, jeke wamtali, matabwa awiri, masaka, pampu yamanja ndi bulangete. Ndinkaiimika pa kamtunda, mphuno italoza ku geti, kuti batire ikakana tingoikankha.

Chilufya, kamtsikana ka pa nyumbapo, ndiye anaitcha Njati, ndipo dzinalo linakhala. Amayi ake, akazi a ba Mulenga, amene aliyense ankawaitana kuti bana Chilufya, ankandipatsa mazira osweka ndi kundiseka pa Chibemba changa chokhota. Madzulo ba Mulenga akafika ankayamba adutsa pa Njati, kumenya tayala ndi nsapato, nkunena kuti, "Shani, Yotamu, ili bwino?" Ndikati ili bwino, ankalowa m'nyumba akuimba mluzu. Ndinali pa mtendere. Sindinafunepo ntchito ina.

Mu Novembala kunagwa maliro kutsidya kwa kanjira. Anamwalira a Lungu, omanga nyumba. M'mawa mwake tcheyamani wa chipani wa dera lathu anafika pa geti, chipewa chili m'manja, kudzapempha galimoto yonyamula bokosi. Masiku amenewo tcheyamani akapempha sunkamufunsa kawiri, komanso ba Mulenga sanali munthu wokana maliro. Anangondiuza kuti thanki isatsike kupitirira theka, ndipo ndibwere nayo dzuwa lisanalowe.

Ndinachotsa zida kumbuyo, tinagoneka bokosi pansi, ndipo ndinayendetsa pang'onopang'ono kudutsa mtauni mpaka kumanda a ku Chunga. Pobwerera, pa khomo la nyumba ya maliro panali beseni la madzi oikamo masamba, ndipo aliyense wochokera kumanda ankasamba m'manja asanalowe. Nanenso ndinasamba. Koma mtima sunakhazikike. Kwathu makasu okumbira manda amatsukidwa, sabwerera kumunda ali ndi dothi la kumanda. Nanga chimene chanyamula mtembo weniweniwo?

Ndinazungulirazungulira mpaka ndinalimba mtima kupita kwa mlongo wa malemuwo, amake Jelita, mayi wogulitsa nsomba zouma pa msika, wa mawu omveka mpaka ku msewu. Ndinagwada nkunong'ona pempho langa.

"Iwe mwana wa ku Katete, motoka nayo ili na manja?" anatero, ndipo anyamata amene anali pafupi anaseka. Koma ananyamula beseni lija okha. Anaviika masamba nkuwaza kumbuyo konse kwa Njati, m'makona, pa matayala, ngakhale pa chiwongolero. Kunyumba ndinaitsukanso ndi sopo nkubwezeramo zida. Bwana sindinawauze. Anali mkulu wa mpingo, ndipo ndinkaopa kuti andiona ngati wotsalira.

Mu Januwale anafika amayi a bana Chilufya kuchokera ku Mansa kudzadikira mwana. Tinkawaitana kuti banakulu Chilufya, kutanthauza agogo ake a Chilufya. Anali mayi wamfupi, wosalankhula zambiri, ndipo mwa mwambo wawo sankakhala pamodzi kapena kuyankhulana maso ndi maso ndi mkamwini wawo. Ndinaona kuti popita ku dimba ankazungulira kuseri kwa khola m'malo modutsa pafupi ndi Njati. Ndinkaganiza kuti akuopa phokoso la injini. Zoona zake, anali atamva kwa amayi a ku chitsime kuti galimotoyo inanyamulapo maliro, ndipo munthu yekhayo amene akanayenera kumuuza nkhawa yawo anali mkamwini amene sankayankhula naye.

Tsikulo linafika mwezi usanakwane. Mvula inali itagwa masiku angapo osalekeza, moti ba Mulenga anagona mtauni chifukwa kagalimoto koyera sikakanawoloka dambo. Masana, ndikusoka tenti, Chilufya anabwera akuthamanga kuti amayi akundifuna. Ndinaliza Njati nkuibweza mpaka pa khomo. Bana Chilufya anatuluka atagwira mphuthu ya chitseko, nkhope ili thukuta lokhalokha. Ndinayala bulangete kumbuyo. Pamenepo banakulu anaima pakati pa mwana wawo ndi galimoto.

"Awe," anatero. "Mwana wanga sazagona pamene panagona chitumbi. Tinataya kale umodzi. Azabalila muno mu nyumba."

Chitumbi ndi mtembo m'chiyankhulo chawo. Bana Chilufya anayesa kunena kanthu, ululu unawadula mawu. Anesi anali atawauza kale kuti mwana wagona mopingasa ndipo asayerekeze kuchirira kunyumba. Zimenezi ndinkazidziwa. Ndinkadziwanso kuti m'moyo wanga wonse ndinali ndisanatsutsepo munthu wa imvi. Ndinagwada m'matope momwemo.

"Banakulu, mukwai," ndinatero, "inasambitsidwa."

Anandiyang'ana koyamba chifikireni. "Na sopo?"

"Na madzi a pa nyumba ya maliro. A masamba."

"Nindani anasambika?"

Ndinatuma Chilufya kuti athamange kwa amake Jelita. Mwamwayi mvula inali itawaletsa kupita ku msika. Anafika atafunda thumba la feteleza kumutu, akupuma mwa befu, ndipo atamva nkhaniyo anagwira m'chiuno.

"Mayo, nine ninawaza na manja aya. Uyu mwana ananivutisa pa maliro ya mulongosi wanga, anthu onse kuseka. Nawaza na pa stelingi pomwe. Ndipo a Lungu aja sanakondepo kukwela motoka ali moyo, mukuganiza angakhalilemo manje?"

Banakulu sanaseke. Anayenda mpaka kumbuyo kwa Njati, anasuzumira, anagwira pansi ndi chikhatho ngati akuyesa kutentha kwa mwana wodwala. Kenako anavula chitenje chawo chapamwamba, anachiyala pamwamba pa bulangete, nkukwera iwo poyamba. Tinakweza bana Chilufya, mutu wawo uli pa miyendo ya amayi awo. Amake Jelita anakhala kutsogolo ndi ine.

Pa dambo msewu sunkaoneka. Panali madzi ofiira okhaokha, akuyenda pang'onopang'ono. Ndinaima. Amalume anandiphunzitsa kuti madzi amene sunawaponde ndi mwendo usawaponde ndi tayala, choncho ndinavula nsapato, ndinatenga ndodo nkuwoloka wapansi. Pakati anandifika m'ntchafu. Kumanzere kunali dzenje pamene ngalande inakumbika, kumanja pansi panali polimba. Ndinazika timitengo tosonyeza njira. Nditabwerera ndinaphwetsa matayala pang'ono kuti agwire matope, ndinapaka girisi pa mawaya a mapulagi, ndinamanga saka kutsogolo kwa rediyeta, kenako ndinamasula fanibeluti kuti fani isamwaze madzi pa injini. Kumbuyo ndinkamva kubuula. Sipanala inagwera m'matope.

"Iwe, tizafika mwana ali mu giledi wani," anatero amake Jelita.

Ndinakoka ndodo yofiira, ndinaika giya yachiwiri, tinalowa. M'madzi susintha giya, sugwira kilatchi, ndipo suchotsa phazi pa mafuta. Njati inakankha kafunde patsogolo pake, madzi analowa pansi pa zitseko nkutinyowetsa mapazi. Pakati penipeni tayala lakumbuyo linaterereka chakudzenje kuja, galimoto inapendekeka, amake Jelita anagwira mkono wanga. Ndinawongolera kumanja pang'ono, phazi lili pomwepo. Inakanda, inakanda, inagwira. Titatuluka ndinaimanso kubwezera fanibeluti, ndipo ulendo uno palibe amene anandinena. Ndinayenda kamtunda ndikuponda mabuleki mopepuka kuti aume, kenako tinakwera tala wa Kafue Road.

Ku chipatala chachikulu anesi anawatenga pa machira nthawi yomweyo. Ndinapempha foni pa khomo nkuimbira ku ofesi ya bwana. Anafika taye ili pa phewa, ndipo anakhala pa benchi ina, apongozi awo pa ina, ine pakati. Dzuwa likupendeka nesi anatuluka kudzanena kuti madokotala achita opaleshoni, ndi mwamuna, ndipo onse awiri ali bwino. Ba Mulenga anatuluka panja. Ndinawapeza ataima pa Njati, yamatope mpaka pa magalasi, akumenya tayala ndi nsapato.

Za beseni anazimva kwa amake Jelita, amene anazifalitsa msika wonse. Sanandikalipire, sanandisekenso. Anangoti, "Ine ninakonza petulo na fosholo. Sininaganize zofunsa ba mayo."

Tsiku lotuluka m'chipatala, bwana anati mayi ndi khanda akwere kutsogolo. Banakulu anakana. Anatenga mdzukulu wawo, anakwera naye kumbuyo nkukhala pansi, pamalo omwe aja, ndipo anandiuza kudzera pa kazenera kuti ndiyendetse ngati ndanyamula mazira.

Ndinakhala ndi banja limenelo mpaka mwanayo anayamba sukulu, kenako ndinayendetsa magalimoto a m'tchire kwa mabwana ena mpaka maso atafooka. Anyamata amene amandifunsa za galimoto yosungira tsiku la mavuto ndimawauza za tchesisi, za difu ndi za petulo wokhalitsa. Koma ndimawauzanso kuti galimoto yotere ya pa mudzi idzanyamula odwala, maliro ndi akwati, ufune usafune, ndipo amene adzaikwere pa tsiku loipa ali ndi mitima yawo. Kuyambira ku Makeni, kulikonse kumene ndagwira ntchito, ndikaona munthu wa pa nyumba akuizungulira galimoto patali, sindidikira mvula. Ndimapita kukamufunsa dzuwa likadali kuwala.