Mlendo Wopanda Pakamwa

Atelala anali mayi woti ukalowa m'shopu mwawo, ngakhale kukangoikitsa batani, sunkatuluka usanadye. Ukakana ankakukalipira ngati wawabera sizasi.

Chaka china mwana wawo wamkazi anaona chimbozi chobiriwira chikupulula masamba a mtengo wa kuseri kwa shopu, kenako n'kudzikulunga mu ulusi wakewake. Anathothola chikwacho n'kuchisunga m'chitini cha mabatani. Atelala atachisisita anati, "Silika weniweni uyu, koma wopanda makina!"

Patatha mwezi, m'mawa wina anapeza chigulugufe chitakakamira pakatani. Mapiko ake anali ngati zikhatho ziwiri za munthu wamkulu, ofiirira, okhala ndi timawindo toonekera. Atelala anachiikira madzi a shuga m'sosala, koma sichinalawe. Anayesa uchi, anayesa nthochi, osatheka. Tsiku lachisanu anachipeza chitauma pamakina osokera.

"Mlendo wafa ndi njala m'nyumba mwanga, ine ndilipo!" Anadandaula sabata yathunthu, mpaka aphunzitsi ena odzatenga thalauza lawo anawauza kuti agulugufe amenewa, ofala m'maiko otentha, alibe pakamwa. Amadyeratu ali mbozi, ndipo akamera mapiko chawo n'kuikira mazira basi.

Zaka zinadutsa, makina aja anachita dzimbiri. Atelala atagona pabedi osafunanso chakudya, mwana wawo uja, naye wa imvi tsopano, anagwada ndi supuni, misozi ili mbwembwembwe.

"Amayi, kamodzi kokha."

Iwo anamwetulira n'kumugwira dzanja.

"Iwe, usandivute. Ine ndinadyeratu ndili mbozi."