Nambala ya Nkhoswe Yomwe Sindinafunse

Anzanga, ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi funso lomwe mukuopa kufunsa bwenzi lanu, poganiza kuti mukafunsa akwiya, mwinanso akusiyani. Inenso ndinaliopa funso limeneli, ine Ndaona yemweyu amene ndimakonza maukwati a anthu kuno ku Mangochi.

Allan ndinakumana naye pa ukwati wina ku Nkopola. Iye ankayendetsa galimoto ya mkwatibwi, ndipo anafika mpunga utazizira kale.

"Achimwene, wotchi muli nayo?" ndinamufunsa.

"Ndili nayo chemwali, koma mbuzi za mumsewu zilibe."

Ndinkafuna kukalipa, koma ndinangopezeka ndikuseka...

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankatulukira komwe ndikugwira ntchito. Ankanyamula mipando, kundibweretsera chambo chowotcha ndikaiwala kudya, mpaka anaphunzira kumanga maliboni kuposa ine. Chaka chitatha anandifunsira, ine ndinalola.

Apa ndifotokoze pang'ono, chifukwa ambiri mumasokoneza. Planner amayamba ntchito kudakali miyezi: kupeza malo, ophika, okongoletsa, wojambula, komanso kukhala pansi ndi komiti. Coordinator amalowa kutatsala masabata ochepa. Iye amatenga zonse zomwe zakonzedwa, kuziwunika chimodzichimodzi, ndipo pa tsikulo ndi amene amathamanga ndi pulogalamu kuti akwati asavutike ndi kalikonse.

Ine ndimagwira zonse ziwiri, ndipo ndili ndi lamulo limodzi: sindisungitsa malo ndisanalankhule ndi ankhoswe a mbali zonse. Nkhoswe ndi amene amadziwa ngati m'bale wake ali womasuka kukwatira. Akasowa, ndiye kuti penapake sipali bwino.

Pa ukwati wanga, lamuloli ndinaliphwanya ndekha.

"Amalume anga a Blackson ali ku Makanjira, akupha usipa," anatero Allan. "Foni yawo sikupezeka. Iwe sungitsa malo, babe, tsikulo angatilande ena."

Ndinasungitsa pa loji ina ya ku Nkopola. Amalume anga anandiitana.

"Iwe Ndaona, ife akuchimuna sitinawaone pakhomo pano."

"Akubwera amalume, musadandaule."

Popeza mkwatibwi sangathamange ndi pulogalamu ali mu diresi, ndinapempha mnzanga Naima, yemwe ndinamuphunzitsa ndekha ntchitoyi, kuti akhale coordinator wanga. Kutatsala masabata asanu, anatenga fayilo yanga n'kuyamba kuwerenga.

"DJ alipo, keke ilipo, wa jenereta alipo. Nanga nambala ya nkhoswe wakuchimuna?"

"Ali kunyanja."

"Ndaona, kasitomala atakuyankha choncho, iwe ungasungitse malo?"

"Koma uyu si kasitomala, ndi Allan."

"Wallahi, ine fayilo iyi sindiyendetsa. Si ndiwe unandiphunzitsa?"

Ndinamukwiyira tsiku lonse. M'mawa mwake ndinanyamuka ulendo wa ku Malindi, kwawo kwa Allan, komwe anali asananditengereko.

Nditafunsa anthu, anandilozera nyumba ya amalume ake aja. A Blackson ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde.

"Odi! Ndimayesa muli ku Makanjira, bambo?"

"Ine? Chaka chino sindinachoke pakhomo pano, mayi. Mwendo ukundivuta."

Ndinagwada n'kufotokoza kuti ndabwera pa nkhani ya ukwati wa Allan. Iwo anaika ukonde pansi.

"Ukwati uti? Wa Allan ndinauimira ine zaka zinayi zapitazo. Mkazi wake ndi Lusiya, uyo akuyanika usipa pathandala apoyo."

Anzanga... Lusiya anabwera, kundigwadira, kundipatsa moni, kenako kunditungira madzi akumwa. Madzi aja ndinamwa, chifukwa iye sanandilakwire. A Blackson anangoti, "Pepani mayi. Izi tikamba ife akubanja."

Madzulo Allan anafika kunyumba kwanga akutuluka thukuta.

"Wapita kwathu osandiuza? Ndiye kuti sundikhulupirira?"

"Lusiya wandipatsa madzi."

"Banja lija latsala pang'ono kutha! Ndinkafuna ndikuuze tikatha zonse."

"Tikatha chiyani? Kudula keke?"

Ataona kuti sindikulira, anasintha mawu.

"Ganiza bwino. Makadi unagawa, tauni yonse ikudziwa. Ukathetsa ukwatiwu, ndani adzapatsenso ntchito planner wolephera ukwati wake?"

Pamenepo ndi pomwe anandipweteka kwenikweni, chifukwa ankadziwa kuti ntchitoyi ndinaiyamba ndi mipando khumi yobwereka. Ndinavula mphete n'kumuikira m'thumba la malaya.

"Ntchito yanga ndi kukonza maukwati, Allan. Uwu sunali ukwati."

Anthu analankhuladi. Kumsika ena ankanong'onezana ine ndikudutsa, ndipo banja lina linandichotsa ntchito. Koma tsiku lija sindinalibweze kuloji. Ndinalipereka kwa Awa ndi Wadi, omwe ankasowa malo a phwando la nikah yawo, ukwati wa Chisilamu. Ankhoswe awo ndinalankhula nawo onse awiri ndisanayankhe.

Loweruka lomwe ndikanavala diresi, ndinavala nsapato zafulati n'kugwira pulogalamu, Naima ali pambali panga. Chakudya chinatuluka chikutentha, DJ sanadumphe nyimbo, mkwatibwi anafika nthawi yake. Ndinalira kamodzi kokha, kuseri kwa khitchini, kenako ndinapukuta maso n'kukaitana anthu odula keke.

Ndiye amene mukuti Ndaona watha, pepani, Loweruka likubwerali ndili ku Makokola, ndikuyendetsa ukwati wina.

Koma inu anzanga amene mukukonzekera ukwati, musanasankhe mtundu wa nsalu kapena keke, khalani pansi ndi bwenzi lanu mwaulemu, mupemphe nambala ya nkhoswe wake, ndipo amalume anu ayimbe. Tayesani sabata ino. Ngati ndi woona, akupatsani nambalayo pomwepo, foni yake ili m'manja.