Sajeni Ngozo ndi Mlatho wa ku Congo

Fanizo Ngozo anakulira ku Mlangeni, kumene munda wa bambo ake unathera m'malire a Mozambique. Nkhondo ya tsidya linalo anaidziwa ali wamng'ono. Tsiku lina ng'ombe yawo inaponda bomba lokwirira pansi, matumbo ake n'kukakodwa mumtengo wa pichesi. Mlongo wake Lufina, amene ankaikusa, anaduka mwendo.

Zipani zambiri zitabwera, Fanizo analowa usilikali, m'gulu la omanga milatho ndi kufukula mabomba. Ankagwada dzuwa lonse akufukula dothi ndi kachitsulo. Anakwera mpaka kukhala sajeni.

Kenako anamutumiza ku Congo kukasungitsa mtendere. Akumanga mlatho pamtsinje wina m'nkhalango, zigawenga zinawathira zipolopolo kuchokera m'nthochi. Mnzake Evance, wa ku Bwanje, anawomberedwa pamimba, n'kugwera m'madzi. Fanizo anamukokera kumtunda. Chigawenga china chinalumphira Fanizo ndi chikwanje n'kumudula dzanja lamanzere. Iye anachitema pakhosi ndi fosholo, kuchitemanso, mpaka chinasiya kuphupha. Evance anafuula dzina la mkazi wake mpaka mawu anamuthera.

Fanizo atabwerera kumudzi ndi dzanja limodzi, tulo tinamuthawa. Anayamba kuyenda m'midzi kufunsa okalamba za nkhondo zimene zinadutsa m'Ntcheu: za Angoni akale, za amene anatengedwa ndi azungu kukamenya kutali, za othawa kwawo a ku Mozambique. Ankafunsa kuti anafa ndani, anafa bwanji, anamuika ndani. Anthu ena ankamuthamangitsa, ati akudzutsa mizimu. Iye ankalemba ndithu zonsezo m'buku, ndipo aphunzitsi anayamba kumuitana kuti akalankhule m'masukulu.

Sellina, mkazi wa Evance, anapalasa njinga kuchokera ku Bwanje, mpunga ali nawo pakaliyala. Anati anthu anamuuza kuti mwamuna wake anafera pomwepo osamva ululu, ndiye amafuna kumva kwa amene analipo.

Fanizo anamuyankha kuti:

"Sanafe msanga, alamu. Anavutika kwambiri. Ankaitana inu."

Sellina analira mpaka chitenje chinanyowa. Atatonthola anamupempha kuti m'buku lakelo alembe choncho, asakometsere. Fanizo analemba mutu umenewo sabata yomweyo, ndipo anatchulamonso za munthu amene anamupha ndi fosholo uja, ngakhale dzina lake sanalidziwe.